Kwa alangizi a zaulimi amene mwafika kumene ku yunivesite ya Reading ku England

Seputembala aliyense foni yanga imalira, wina atangotsika ndege ku Heathrow, ndipo funso loyamba limakhala la ufa. Ufa ulipo, abale anga. Pitani m'mashopu a mu Oxford Road mukapeza wa ku Joni. Si woyera wa kwathu uja, koma nsima imagwira. Chimene ndimafuna mukadayamba kufunsa ndi cha kalendala, chifukwa digiri ya Masters kuno ndi miyezi 12 yokha, ndipo kalendala ya yunivesite siigwirizana ndi ya mlimi wa kwathu.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Ndinabwera nditagwira ntchito ya ulangizi zaka 6 ku EPA ina (dera la ulangizi wa zaulimi) m'boma la Dedza, ndili ndi digiri ya ku Bunda, ndikudziona ngati katswiri. Asaimenti yoyamba inali ya njira ya ulangizi yotchedwa Training and Visit. Ndinailemba ngati lipoti lopita kwa bwana kuboma: njirayo ndi yotere, inayenda motere, mavuto ake ndi awa. Ndinapeza 52, ndipo aphunzitsi analemba m'munsi kuti ndafotokoza bwino koma maganizo anga sakuoneka. Ankafuna ndinene chifukwa chake njirayi, imene World Bank inafalitsa m'ma 1970 ndi 1980, ya mlangizi woyendera alimi masabata awiri aliwonse ndi uthenga wochokera kumwamba, inazilala ndalama za ngongole zitatha. Ankafunanso ndifunse ngati ndondomeko ya ulangizi ya dziko lathu ya 2000, yonena kuti alimi ndiwo azipempha ulangizi umene akuufuna, imamuthandiza mayi amene sanayambe wayankhulapo pamsonkhano amfumu ali pomwepo.

Apa ndi pamene inu muli ndi chuma chimene anzanu ambiri m'kalasi alibe. Mukudziwa kuti mlimi wachitsanzo nthawi zambiri amakhala mbale wa amfumu. Mukudziwa kuti munda wachionetsero timauika m'mbali mwa msewu kuti alendo a galimoto asadetse nsapato. Mukudziwa kuti pulogalamu ya ulimi ikamaulutsidwa, wailesi imakhala yapita ndi bambo ku bawo, mayi ali kudimba, ndiponso kuti magazini ya Za Achikumbi imatha kugona mu ofesi mpaka chiswe kuilawa. Zimenezi musazibise poganiza kuti ndi nkhani za kumudzi. Ziikeni pambali pa zimene mwawerenga, muonetse pamene buku likulondola ndi pamene likuphonya. Aphunzitsi mukhoza kuwatsutsa m'kalasi, sakwiya. Kuwatchula dzina loyamba lokhalokha kokha ndi kumene kunanditengera miyezi, lilime linkakana.

Za malikisi musakomoke nazo: 50 mwakhoza, 60 ndi merit, 70 ndi distinction. Mukapeza 65 kagoneni mwamtendere. Chiganizo cha munthu wina musachitenge osamutchula, makina amagwira.

Tsopano kalendala ija. Kafukufuku wa dissertation, cholemba chachikulu chomalizira digiri, amagwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Kwathu nthawi imeneyo chimanga chili m'matumba, fodya ali ku okushoni, anthu ali m'madimba. Tiyerekeze mwakopeka ndi PICSA, njira yothandiza alimi kusankha mbewu poyang'ana mbiri ya mvula ya dera lawo, imene inapangidwa pa Reading pompano ndipo yagwiritsidwa ntchito ku Malawi. Ndi mutu wabwino ndithu. Koma mlimi amasankha zodzala mu Okutobala ndi Novembala. Mukamupeza mu Julayi adzakuuzani zimene akukumbukira, mwinanso zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Sankhani mutu umene mungauone ndi maso m'miyezi yozizirayo, kapena vomerezani poyera kuti mukufufuza zokumbukira.

Ndiye pali chilolezo. Yunivesite iyenera kuvomereza mafunso anu musanayankhule ndi munthu aliyense, ndipo ku Malawi nakonso kuli komiti ya pansi pa National Commission for Science and Technology. Ine ndinazengereza mpaka Epulo, nthawi inandithera, ndinachita kufunsa alimi pa foni ndili m'kachipinda kanga. Netiweki inkadukaduka, wina akuyankha atakwera pachulu. Choipa kwambiri n'chakuti amene ndinawapeza anali abambo okhala ndi foni ndi ndalama yotchajira, pamene mutu wanga unali wa amayi amene uthenga suwafika. Yambani kukambirana ndi supavaiza mu Januwale.

Za ganyu: viza yanu imalola maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo funsani bwino, chifukwa miyezi ya dissertation kawirikawiri imawerengedwa ngati sukulu ikadali mkati. Ambiri timakagwira usiku kosamalira okalamba. Vuto ndi Novembala, pamene kumudzi akufuna ya feteleza, inu muli ndi ma asaimenti atatu. Auzeni abale pasadakhale kuchuluka kwa imene mungathe, apo ayi mudzalembera asaimenti m'basi muli ndi tulo. Amene munasiya banja, kuyambira Januwale 2024 ophunzira Masters ya m'kalasi saloledwanso kubweretsa mkazi, mwamuna kapena ana, kupatula olipiriridwa ndi boma, choncho musawalonjeze ana zimene simunatsimikize. Amene mukulipiriridwa ndi Chevening, thandizo la maphunziro la boma la Britain, kumbukirani kuti munasaina zobwerera kwanu kwa zaka 2.

Lembetsani kwa GP (dokotala wa m'dera lanu) sabata ino musanadwale, ndipo tengani kalata ku yunivesite yoti musalipire council tax, msonkho wa pa nyumba wopita kukhonsolo. Mu Disembala kumada 4 koloko masana. Mtima umalemera popanda chifukwa, musadzitsekere nokha. Tsiku lina kawoneni Museum of English Rural Life mu Redlands Road, n'kwaulere. Ngolo ndi mapulawo a m'menemo anandikumbutsa kwa agogo, ndinaima nthawi yaitali.

Ufa ndili nawo, ndi kapenta pang'ono amene wina anandibweretsera. Lamlungu likudzali bwerani tidzadye, koma aliyense abwere ndi mutu wa kafukufuku wake papepala, ngakhale wokhotakhota, tidzauwongolera limodzi tikasamba m'manja.