Funsani Dokotala: Nsima ikuwaima pachifuwa, koma akungopatsidwa mankhwala a zilonda za m'mimba

Funso: Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 58. Chiyambire Meyi nsima imawaima pachifuwa, pano akungomwa phala lamadzimadzi ndipo aonda kwambiri. Kuchipatala cha kufupi ndi kwathu tapitako kangapo, ulendo uliwonse amati ndi zilonda za m'mimba n'kuwapatsa omeprazole. Achibale akuti tipite kwa asing'anga. Ine ndimaopa kufunsa zambiri kuti ndingaoneke wamwano. Nditani? (Mayi wa ku Mchengautuwa)

Yankho: Mayi, pepani ndi matenda. Amayiwo asadikirenso mpaka mapiritsi athe. Munthu wamkulu akayamba kutsamwa chakudya, vutolo n'kumakula, poyamba nyama, kenako nsima, kenako phala, thupi n'kumatha, ayenera kuunikidwa kummero ndi kakamera kolowetsa kukamwa kamene timati endoscopy. Zilonda za m'mimba zimawotcha pamtima ndipo zimapweteka, koma kawirikawiri siziimitsa nsima pachifuwa. Kummero kumatha kuchepa chifukwa cha asidi wobwerera kuchokera m'mimba, ndipo mafangasi nawo amavutitsa kumeza, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV. Koma ndikuuzeni mosabisa: khansa ya kummero ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri kuno ku Malawi, ndipo imayamba chonchi. N'chifukwa chake ndikukufulumizitsani.

Pa chipatala chaching'ono dokotala mmodzi amaona mzere wautali, aliyense mphindi zochepa. Wodwala akangoti "m'mimba", iye n'kuona kuti m'bukumo mwalembedwa kale za zilonda, dzanja limathamangira mankhwala omwewo. Akuluakulu athunso sakonda kudandaula. Akafunsidwa amangoti "ndikupezako bwino" pomwe chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno. Ndiye inu mulowe nawo limodzi. Musanapite, lembani papepala mwezi umene vutoli linayamba, chimene ankatha kudya nthawi imeneyo, chimene akutha kumeza lero, ndi mankhwala onse amene amwa. Mukalowa yambani ndi mawu awa: "Chakudya sichikudutsa, ndipo aonda." Kenako funsani mwaulemu kuti, "Mankhwalawa amwa miyezi ingapo osasintha, kodi angakhale matenda ena ati? Tingapeze kalata yopita kuchipatala chachikulu?" Umenewo si mwano ayi. Dokotala wabwino amathandizika ndi funso lotere.

Kalatayo ndi yofunika chifukwa chipatala cha Mzuzu Central ku Luwinga chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse cha kumpoto, kuyambira Chitipa mpaka Mzimba ndi Likoma. Ndipo chonde buku la kuchipatala likhale lomwelo. Ambiri akakhumudwa amagula buku latsopano poganiza kuti dokotala wina ayambe ndi maso atsopano. Zimandiwawa ndikaona zimenezi, chifukwa masamba akale aja ndiwo umboni woti omeprazole wayesedwa ndipo walephera. Buku likakhala loyera, wodwala amayambiranso pa mapiritsi omwe aja.

Akawaunika n'kutapako kanyama kokapima, zotsatira zimatha kutenga masabata. Musachoke musanadziwe tsiku lobweranso ndi chipinda chokafunsirako, ndipo tsikulo likakwana pitani, osadikira foni. Ngati mukuganiza za chipatala cholipira, funsani kaye ngati ali ndi endoscopy musanagulitse mbuzi. Kulipira kuti mupatsidwe mapiritsi omwewo m'kabotolo kokongola sikuthandiza.

Za asing'anga, ndikudziwa kuti achibale akunena chifukwa cha chikondi. Auzeni kuti miyezi yapita kale yambiri. Mankhwala azitsamba sangaonetse chimene chatseka kummero.

Pakadali pano amayi azidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, atakhala tsonga. Phala likhale lothira nsinjiro, mkaka, dzira kapena supuni ya mafuta ophikira kuti kapu imodzi ipereke mphamvu. Akayamba kulephera kumeza madzi kapena malovu, akasanza magazi, kapena chimbudzi chikada ngati phula, thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, kalata kapena ayi. Ngakhale itapezeka khansa, thandizo lilipo: madokotala amatha kuika kachubu kotsegula kummero kuti munthu azimeza, ndipo mankhwala oletsa ululu monga morphine amaperekedwa m'zipatala za boma.

Funso: Ndinatsokomola miyezi inayi, ndikumapatsidwa amoxicillin ndi Bactrim basi. Atapima makhololo anapeza TB. Ndayamba mankhwala koma mtima ukundiwawa, ntchito yanga ya kabaza inaima, ndipo mwana wanga wa zaka zitatu wayamba kutsokomola. Ndingakadandaule kuti? (Bambo wa ku Chibavi)

Yankho: Bambo, mkwiyo wanu ndi womveka. Chifuwa chikafika masabata awiri, makamaka ngati munthu akutuluka thukuta usiku ndi kuonda, makhololo amayenera kupimidwa. M'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo a odwala. Pitani ndi buku lanu, muonetse masiku amene munabwera ndi mankhwala amene munapatsidwa. Ngati nkhaniyo ndi ya khalidwe la dokotala, bungwe la Medical Council of Malawi ku Lilongwe limamva madandaulo otere. Kudandaula kwanu kungapulumutse wina amene ali pamzere womwewo.

Koma yambani ndi mwanayo, mawa lomwe. Mupite naye kumene mukulandirira mankhwala, munene kuti bambo ake muli ndi TB. Ana aang'ono satha kutulutsa makhololo, choncho madokotala amaonanso sikelo ndi chithunzi cha pachifuwa. Akampeza alibe TB, mwana wosakwana zaka zisanu amapatsidwa mankhwala oteteza. Akazi anu ndi ena onse a m'nyumbamo akapimidwenso, ndipo ngakhale Mzuzu azizire bwanji, mawindo azitsegulidwa masana. Inu mumalize miyezi isanu ndi umodzi yonse. Mphamvu zikayamba kubwerera mudzafuna kukwera njinga n'kuiwala mapiritsi, ndipo kusiyira panjira kotero kumabala TB yosamva mankhwala, imene imatenga nthawi yaitali kuchiza.