Kwa Mayi amene akufuna kamera yaing'ono yojambulira zithunzi za tsiku ndi tsiku

Mayi, mwafunsa za kamera yaing'ono yolowa m'chikwama, yoti muzijambulira ana pakhomo, zochitika za kutchalitchi ndi maulendo a kumudzi, ndipo mwafunsanso ngati ingathe kujambula mavidiyo oika pa YouTube. Za mavidiyozo akuyankheni ena pagulu pano. Ine ndilankhula za zithunzi, makamaka zimene muyenera kusamala musanatulutse ndalama, chifukwa pa msika wa makamera ang'onoang'ono masiku ano zokhumudwitsa zachuluka kuposa zabwino.

Cha m'ma 2010 makampani a ku Japan ankatumiza pa msika makamera otere oposa 100 miliyoni pa chaka, koma mafoni atayamba kujambula bwino malondawo anagwa kwambiri, moti mu 2023 chiwerengerocho sichinafike n'komwe 2 miliyoni. Casio inasiyiratu kupanga makamera amenewa mu 2018, ndipo Canon, Nikon ndi Sony anachepetsa kwambiri mitundu yawo yotsika mtengo. Choncho zambiri zimene mudzapeze ndi za mitundu iwiri: makamera akale ogwiritsidwapo kale ntchito, ndi makamera atsopano a mayina osadziwika. Kuonjezera apo, achinyamata a pa TikTok ayambanso kukonda makamera akale, zomwe zakweza mitengo ya zinthu zimene zaka zingapo zapitazo anthu ankangozisiya m'madirowa.

Makamera a mayina osadziwikawo apeweni. Mudzawaona atalembedwa pabokosi kuti 48MP, 4K ndi 16x zoom, pa mtengo wa madola 30 mpaka 60, ndipo amaoneka okongola ndithu. Mkati mwake mumakhala sensa (kachipangizo kolandira kuwala) yaing'ono yonga ya foni yotsika mtengo, ndipo chiwerengero chachikulu cha megapixel (MP, timadontho topanga chithunzi) chimapezeka pongofutukula chithunzi ndi pulogalamu, popanda kuonjezerapo chilichonse chimene lenzi inaona. Zoom yake imakhala digital zoom, kutanthauza kuti kamera imangodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, ndipo nkhope zimatuluka zophwanyika. Dziwani kuti chithunzi chotsukitsa cha masentimita 10 ndi 15, chija timaika mu alubamu, chimangofuna ma megapixel pafupifupi 2, ndipo cha pepala lonse la A4 chimafuna pafupifupi 9. Kamera ya ma megapixel 12 mpaka 20 ndi yokwanira kotheratu pa zimene mwatchulazi, ndiye wogulitsa amene akuyamba ndi kutamanda ma megapixel musamumvere kwambiri.

Chimene chimasiyanitsa makamerawa ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala kumbuyo kwa lenzi. Makamera ambiri otsika mtengo ali ndi sensa yotchedwa 1/2.3 inchi, yomwe ndi pafupifupi mamilimita 6 ndi 4.5 basi, pomwe apamwambako ali ndi sensa yotchedwa 1 inchi, ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, yokulirapo pafupifupi kanayi. Zili ngati kutchera madzi a mvula: beseni limalandira madzi ambiri kuposa kapu. Panja masana kusiyanako sikuoneka kwenikweni, koma m'tchalitchi, m'chipinda cha babu limodzi kapena pa phwando la madzulo, sensa yaing'ono imatulutsa zithunzi zamadonthomadontho, ndipo mwana akangosuntha pang'ono nkhope yake imachita mbuu. Yang'ananinso nambala yoyamba ndi f yolembedwa pa lenzi. Ikakhala f/1.8 kapena f/2.0 ndiye kuti lenziyo imalowetsa kuwala kochuluka, ikakhala f/3.2 kapena kuposerapo ndiye kuti m'nyumba muzidalira fulashi.

Amene akuyankhani kuti foni ndi yokwanira sanalakwe kwenikweni, kungoti sananene zonse. Foni yabwino ya masiku ano imaposadi kamera yotsika mtengo ya sensa yaing'ono, makamaka usiku. Kamera imapambana pa zinthu ziwiri: optical zoom, imene imakokadi chinthu chakutali ndi magalasi, ndi sensa yaikulu ija. Ngati kamera imene mukuiganizira ilibe chimodzi mwa ziwirizi, ndalamazo ndi bwino muzisunge. Amene akuti mugule DSLR (kamera yaikulu yosinthidwa malenzi) ndi malenzi awiri ndikukayika ngati awerenga funso lanu mpaka kumapeto, popeza mwanena momveka kuti mukufuna yolowa m'chikwama.

Pa makamera a sensa ya 1 inchi, Sony RX100 ndi imene ndingaike patsogolo. Yoyamba inatuluka mu 2012 ili ndi ma megapixel 20 ndi lenzi yoyambira pa f/1.8, ndipo mpaka pano imajambula bwino. RX100 III ya mu 2014 ili ndi kagalasi kosuzumirapo, kothandiza dzuwa likawala kwambiri moti sikirini sikuoneka. Canon G7 X Mark II ya mu 2016 ndi yabwinonso, koma iyo ndi G7 X Mark III ndi zomwe achinyamata aja akulimbirana, ndiye mitengo yake yakwera mopanda chifukwa chomveka. Panasonic Lumix TZ100 ili ndi sensa yomweyo ndi zoom ya 10x, ngakhale kuti lenzi yake imalowetsa kuwala kochepa mukaikoka mpaka kumapeto. Zogwiritsidwapo kale ntchito mwa zimenezi zimayambira cha m'ma madola 300 n'kumakwera mpaka kupitirira 700, malinga ndi mtundu ndi mmene yasamalidwira. Ndikutchula madola chifukwa kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu mu Novembala 2023, mtengo wa m'makwacha umene munthu angakuuzeni lero sukhalitsa. Ngati chimene mukufuna ndi kukoka mwana ali patali pa bwalo la sukulu, Canon SX740 HS ili ndi zoom ya 40x, koma sensa yake ndi yaing'ono ija. Canon IXUS 185 ndi zinzake ndi zotsika mtengo ndi zopepuka, ndipo ndi za masana basi.

Tsopano chimene ndikufuna muchigwire kwambiri ndi ichi: kamera yogwiritsidwapo kale ntchito musailipire musanaigwire m'manja ndi kuiyesa. Mlamu wanga anagula yake kwa munthu wina wogulitsa kudzera pa foni, ataona zithunzi zokha. Pazithunzipo inkaoneka yatsopano, yopanda ndi chipsera chomwe, ndipo wogulitsayo anaitumiza pa basi ndalama zitalowa kale. Itafika inkayaka, koma lenzi ikamatuluka inkamveka kukhulana pang'ono, ndipo pasanapite nthawi, pa tsiku la chinkhoswe cha mwana wawo, inatuluka theka n'kuima pomwepo, sikirini n'kulemba kuti lens error, kutanthauza vuto la lenzi. Wokonza makamera atatsegula anapeza mchenga mkati, mano a timagiya atadyeka, ndipo ananena kuti kuitanitsa lenzi ina kudzadya ndalama zoposa zimene anagulira kamerayo. Wogulitsa uja anasiya kuyankha foni. Umu ndi mmene makamera ambiri ang'onoang'ono amafera, chifukwa lenzi yake ndi timachubu tapulasitiki tolowana, tokankhidwa ndi kamota kakang'ono, ndipo kamchenga kamodzi kapena kugwa kamodzi lenzi ili kunja ndi kokwanira kuipha. Kunja simungaone chilichonse.

Choncho mukakumana ndi wogulitsa, yatsani ndi kuzimitsa kamerayo kangapo mukumvetsera. Lenzi izituluka ndi kubwerera mosadodoma, mopanda phokoso lokhulana, ndipo timazitseko take tizitsekeka tokha mpaka kumapeto. Kokani zoom mpaka pothera ndi kuibweza. Kenako, zoom ili pothera pomwepo, jambulani khoma loyera kapena thambo lopanda mitambo, n'kuchikulitsa chithunzicho: mukaona madontho akuda pa malo omwewo pa chithunzi chilichonse, ndiye kuti fumbi lafika pa sensa, ndipo pa kamera yaing'ono kulichotsa kumafuna kumasula kamera yonse. Unikani m'lenzi ndi tochi ya foni yanu. Timizere tooneka ngati ulusi wa kangaude ndi nkhungu, imene imamera kamera ikasungidwa malo achinyezi nthawi ya dzinja, ndipo imawononga galasi. Tsegulani kachitseko ka batire muone ngati muli dzimbiri kapena zoyerayera, ndipo batire likakhala lotupa kapena lovuta kutulutsa, latha ntchito. Yesaninso fulashi. Wogulitsa woona mtima sakana zonsezi, ndipo amene akukufulumizitsani kuti pali wina akuifuna, musiyeni aigulitse kwa winayo.

Batire ndi nkhani ina imene anthu amaikumbukira atagula kale. Mtundu uliwonse uli ndi batire lakelake: RX100 imagwiritsa ntchito NP-BX1, G7 X imagwiritsa ntchito NB-13L, IXUS 185 imagwiritsa ntchito NB-11L. Amenewa amapezekabe, koma a makamera ena akale kwambiri mudzawafunafuna osawapeza, ndipo kamera yopanda batire ndi chitsulo chabe. Onetsetsani kuti chaja ilipo, ndipo ngati n'kotheka gulani batire lachiwiri nthawi yomweyo. Ndi mmene magetsi amazimirazimira kuno, komanso pa maulendo a kumudzi aja, kamera yotchajidwa ndi chingwe cha USB ngati RX100 ndi yothandiza, chifukwa mutha kuilumikiza ku power bank kapena ku sola. Makamera ena akale amayendera mabatire a AA, zomwe zimaoneka zosavuta, koma mabatire otchipa a pa golosale amatha musanajambule zithunzi zambiri. Pamenepo pamafunika mabatire otchaja a NiMH ndi chaja yake.

Pa memori khadi samalaninso. Makamera akale a Olympus ndi Fujifilm ankagwiritsa ntchito makadi a xD, ndipo akale a Sony ankagwiritsa ntchito Memory Stick. Onsewa masiku ano ndi osowa ndi odula, ndiye sankhani kamera yolandira khadi la SD. Ngakhale pamenepo, yakale kwambiri imatha kulandira khadi losapitirira 2GB, ina imalekezera pa 32GB, ndipo mukaikamo la 64GB imangolikana. Makadi achinyengo ndi ambiri m'misika, olembedwa kukula kumene alibe, ndipo amameza zithunzi mwakachetechete mpaka tsiku limene mudzafune kuzitsukitsa. Gulani khadi m'sitolo yopereka lisiti, ndipo mulifomate m'kamera momwemo musanayambe kuligwiritsa ntchito.

Popeza mwatchula ana, ndikuuzeni imene ine ndimaikonda kuposa zonse pa banja, ngakhale kuti zithunzi zake za usiku sizifika pa RX100. Ndi Olympus Tough TG-6 ya mu 2019, kapena TG-7 ya mu 2023 yomwe ikugulitsidwa pa dzina la OM System. Lenzi yake siituluka kunja, imayenda mkati mwa thupi lotsekedwa, ndiye vuto lija la mchenga silikhalapo. Inapangidwa kuti izitha kulowa m'madzi mpaka mamita 15 ndi kupirira kugwa kuchokera pa mamita 2. Ili ndi ma megapixel 12, zoom ya 4x ndi lenzi yoyambira pa f/2.0. Mutha kupita nayo kunyanja ku Mangochi kapena ku Senga Bay, kuyenda nayo pa fumbi la mu Okutobala, kapena kumupatsa mwana ajambule yekha mtima uli m'malo. Itatuluka mu 2023, TG-7 yatsopano inkagulitsidwa cha m'ma madola 550. Mukagula yakale, yang'anani timalabala ta m'mphepete mwa zitseko zake, chifukwa tikang'ambika madzi amalowa.

Ngati muli ndi achibale ku Johannesburg kapena ku Britain, kuwatuma n'kwanzeru, bola akagule m'sitolo yopereka lisiti ndi chitsimikizo cha miyezi ingapo, ndipo akaiyese asananyamuke. Chaja yochokera ku Britain imalowa m'masoketi athu mwachindunji, pomwe ya ku South Africa idzafuna adaputa. Makamera ambiri a Sony opangidwira msika wa ku Japan amakhala ndi menyu ya Chijapanizi chokha, choncho funsani za chilankhulo musanaitanitse yochokera kumeneko, ndipo pa bajeti yanu muikepo msonkho wolowetsera katundu ngati ikubwera pa mtokoma.

Mudzafuna kutumiza zithunzizo kwa abale pa WhatsApp, ndiye dziwani kuti RX100 yoyamba ija ndi IXUS 185 zilibe Wi-Fi, pomwe RX100 II ndi zotsatira zake, G7 X ndi TG-6 zili nayo. Kusowa kwa Wi-Fi kusakulepheretseni kugula kamera yabwino, chifukwa kachipangizo kowerengera khadi la SD kolumikiza ku foni kamagulitsidwa madola ochepa chabe, ndipo kamasamutsa zithunzi msanga kuposa Wi-Fi ya makamera ambiri. Ingoonetsetsani kuti pakamwa pake pakugwirizana ndi foni yanu, kaya ndi USB-C, micro USB kapena ya iPhone.