Ana akukopera malamulo onse koma akuti "Yesterday I go market", nditani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene anaphunzitsapo kupulayimale kwathu kuno zaka zingapo, pano ali ku Thailand ndipo awapatsa Prathom 4, ana azaka 9 kapena 10, oposa 40 m'kalasi imodzi. Akuti aphunzitsa past tense ya Chingerezi milungu itatu, malamulo alemba pabolodi, ana akopera bwinobwino, koma akawafunsa zimene anachita dzulo akungoyankha kuti "Yesterday I go market". Ndiye akufunsa ngati vuto ndi iwowo, poti makolo enanso akuoneka kuti ankafuna mphunzitsi wachizungu.

Achemwali, mtima m'malo, vuto si inu. Inenso ndinaphunzitsapo ku Thailand komweko, chigawo cha Isan kufupi ndi mzinda wa Khon Kaen, ndipo temu yoyamba ndinkabwerera kunyumba mutu uli gwa chifukwa cha chiganizo chomwechi. Chimene chinanditsegula maso ndi mphunzitsi mnzanga wachi Thai amene anandilembera papepala mmene amanenera m'chilankhulo chawo: muea wan chan pai talat. Mawu ndi mawu, ndiye kuti dzulo, ine, pita, msika. Basi. Mneni wawo "pai" sasintha olo pang'ono, kaya ndi dzulo, lero kapena mawa, nthawi imadziwika ndi mawu ena apambali, monga "ja" ngati ndi zam'tsogolo kapena "laeo" ngati zachitika kale. Ife timakula tikunena ndinapita, ndikupita, ndidzapita, nde zoti mneni amasintha malinga ndi nthawi zili kale m'magazi, tikamaphunzira Chingerezi timangofunika kudziwa kuti iwo amasintha bwanji. Mwana wa ku Thailand akufunika ayambe kaye wavomereza kuti mawu amatha kusintha kumene, ndipo kwa iye atanena kale "yesterday" palibenso chifukwa chovutikira.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachiona, ndi nkhani ya khutu ndi pakamwa. M'chi Thai mawu akapanda kuthera pa vawelo amathera m'maliwu ochepa chabe, k, t, p, m, n, ng, y ndi w, ndipo sipakhala makonsonanti awiri ogundana kumapeto. Mwina mwamvapo kale akunena "futbon" pofuna kunena football. Ndiye inu mukamati "walk" kenako "walked", mwanayo akumva chinthu chimodzi, ndipo olo atadziwa lamulo lilime limakana. Ife vuto lomweli timalithetsa powonjezera vawelo, nchifukwa chake tili ndi buku ndi sukulu, iwo amangodula kumapetoko.

Pachifukwa ichi ine ndinasiya kuyamba ndi -ed ngakhale mabuku ambiri amayambira pamenepo. Ndinkayamba ndi aneni asanu okha amene amasinthiratu mpaka khutu limamva: go went, eat ate, see saw, buy bought, drink drank. Ndinamata tepi pansi kutsogolo kwa kalasi, mizere itatu, wakumbuyo dzulo, wapakati lero, wakutsogolo mawa. Mwana akaima pakati anene "I eat", akabwerera kumbuyo anene "I ate". Lolemba lililonse mphindi khumi zoyambirira funso linali limodzi, "What did you eat yesterday?", ndipo poti ana amakonda kukamba za chakudya manja amakwera okha, wina som tam, wina sticky rice ndi nkhuku yootcha. Sindiiwala kamtsikana kena kamanyazi kamene kankakhala pafupi ndi windo, tsiku lina kali pa desiki pake kanati "I go..." kenako kanaima kaye, nkukankhira phazi kumbuyo pansi pa desikiyo, nkumaliza kuti "went!" Apo mpamene ndinadziwa kuti zalowa. Za -ed mubwere nazo pambuyo, ndipo muyambe ndi monga wanted ndi visited poti kumapetoko kumamveka bwino.

Pokonza zolakwa samalani kwambiri. Kumeneko kuchititsa munthu manyazi pagulu ndi nkhani yaikulu, amati "sia na", kutaya nkhope, ndipo mwana mukamudzudzula anzake akuseka akhoza kutseka pakamwa temu yonse. Tonse tikukumbukira mmene zinkawawira kupatsidwa chibalo chifukwa cholankhula Chichewa pasukulu, musawapatsenso ana amenewa mantha omwewo. Akati "I go market" inu mungoyankha mwansangala, "Oh, you went to the market! What did you buy?" nkupitiriza. Ndipo ngati muli ndi mphunzitsi wachi Thai m'kalasimo mupempheni afotokoze lamulo m'chilankhulo chawo kwa mphindi zisanu, zimaposa inu kulimbana nalo theka la ola m'Chingerezi. Zolemba musazitaye ayi, akafika Prathom 6 kuli mayeso a dziko lonse otchedwa O-NET, koma alembe chiganizo chimene anena kale ndi pakamwa.

Za "a" ndi "the" musataye nazo tulo pa msinkhu uwu, iwo alibe ngati mmene ifenso tilibe. "He" ndi "she" azisokoneza poti "khao" ndi ngati "iye" wathu, ndipo adzalemba "car red" chifukwa amaika mawu mofanana ndi ife, galimoto yofiira.

Pa nkhani ya makolo ija sindikunamizani, tsankho lilipo, masukulu ambiri amalipira bwino munthu wa pasipoti ya Britain kapena America kuposa wa ku Africa kapena Philippines, ndipo ife amatifunsanso mayeso a Chingerezi a TOEIC pamwamba pa digiri. Zimapweteka. Koma inu Chingerezichi munachita kuchikhalira pansi, munachilimbana nacho kuyambira Sitandade 1 mpaka MSCE, mukudziwa pamene pamaterera, pomwe wobadwa nacho ukamufunsa chifukwa chake amati "went" nthawi zambiri amangoti ndi mmene zilili. Chimene ndingakupempheni ndi kuyeserera r ndi l musanalowe m'kalasi, poti ifenso timasakaniza ndipo ana amatengera zimene akumva.

Lolemba likubwerali kagureni tepi ija, yambani ndi aneni asanu aja, musawonjezere mpaka milungu iwiri ithe. Mundilemberenso temu isanathe mundiuze mmene zikuyendera, makamaka ana akumbuyo amene sakweza dzanja.