Kodi wodwala amachotsedwa liti pa makina opumira?

Funso: Achimwene anga anavulala pa ngozi ya njinga yamoto ku Namwera, ndipo anawatumiza ku chipatala chachikulu cha Zomba komwe akupuma mothandizidwa ndi makina. Kodi madokotala amadziwa bwanji kuti nthawi yowachotsa pa makinawo yakwana? Wowerenga, Mangochi.

Yankho: Pepani ndi matendawo. Palibe chipangizo chimene chimatchula tsiku, koma madokotala amaunika wodwala tsiku lililonse. Amaona ngati vuto limene linamuika pa makina likutha, ngati akudzuka akachepetsa mankhwala ogonetsa, ngati magazi akuthamanga bwino, komanso ngati akutha kutsokomola mwamphamvu, chifukwa wolephera kutulutsa makhololo amabanika msanga chubu cha kukhosi cholumikiza ku makinawo chikachotsedwa.

Zimenezi zikakhala bwino, amamuyesa kupuma yekha kwa mphindi 30 mpaka 120 chubu chikadali kukhosi, namwino ali pambali kuyang'ana ngati akutuluka thukuta kapena kupuma mwawefuwefu. Palinso muyeso umene Karl Yang ndi Martin Tobin anafalitsa mu 1991, wogawa chiwerengero cha kupuma pa mphindi imodzi ndi malita a mpweya umene munthu amakoka kamodzi. Yankho likakhala pansi pa 105, mwayi woti apuma yekha umakhala waukulu, ngakhale kuti nambalayi payokha siyokwanira.

Ena amabwezeredwa chubu pasanathe masiku atatu chitachotsedwa, koma kuchedwa kuchichotsa nakonso kumaika wodwala pa chiopsezo cha chibayo ndi kufooka kwa minofu yopumira. Mukapita kukawazonda, funsani adokotala ngati ayamba kale kuwayesa kupuma okha.