Kathonje ka m'mphuno kaja kanapita kuti?

FUNSO: Akonzi, ine ndimayendetsa thiraki kupita ku Joni ndipo nthawi ya korona ija pa boda sumadutsa opanda pepala la PCR, nde kathonje kaja kandilowa m'mphuno mpaka ndinazolowera. Pano mlamu wanga akuti zonse zija inali njira yoti azungu ndi matchaina atolere DNA ya anthu akuda, akuti ndi anamapopa amakono ovala magolovesi. Poyamba ndinkangomuseka koma wandionetsa mavidiyo pa WhatsApp moti mutu wanga wabalalika. Zoona zake ndi ziti? — Dalaivala wa ku Balaka

YANKHO: Achimwene, alamu anuwo asakaniza nkhani ziwiri, ina yabodza ina yoona, nchifukwa chake ikukoma kumva.

Kathonje kakapala m'mphuno kamatuluka ndi mamina komanso timaselo tanu, nde inde DNA yanu, uthenga wa chibadwa chanu womwe umakhala m'maselo, imakhalapo pamenepo, izi palibe angatsutse. Koma makina a PCR amasaka tizigawo tochepa ta kachilombo basi, akatipeza akuti positive, akapanda akuti negative. Kuwerenga DNA ya munthu ndi ntchito ina, yodula, ya makina ena. Taganizani, kachilombo ka korona kali ndi zilembo za chibadwa pafupifupi 30,000 pomwe munthu ali nazo 3 biliyoni, ndiye ma labu omwe nthawi ija ankasowa ndi zoyezera zomwe, anthu kumadikira zotsatira masiku, ndalama zowerengera dalaivala aliyense wodutsa pa Mwanza akanazitenga kuti?

Sequencing, kuwerenga zilembo za chibadwazo, yomwe munkamva pa wailesi ija ankachita pa masampulo ochepa a anthu opezeka nako, ndipo ankawerenga kachilomboko kuti aone ngati kasintha. Ndi mmene Omicron, mtundu wina wa korona, inadziwikira mu Novembala 2021, akatswiri ake anali a konkuno, Sikhulile Moyo ku Botswana ndi gulu la Tulio de Oliveira ku South Africa. Anaika zomwe anapeza pa GISAID, nkhokwe ya pa intaneti yomwe akatswiri amagawanapo data ya tizilombo, kuti dziko lonse lione, malipiro ake America ndi Britain anatitsekera zitseko, Malawi yemwe ali pa mndandanda, mpaka a Chakwera anakwiya nkunena kuti ndi Afrophobia, kusala anthu a mu Africa. Ngati mukufuna pokwiyira pa nkhani ya korona, kwiyirani pamenepo.

Koma alamuwo musawaseke kwambiri. Zoti anthu anapereka magazi pa chifukwa china, kenako nkugwiritsidwa ntchito ina osawauza, zinachitikadi. A Havasupai, mtundu wa amwenye a ku Arizona ku America, anauzidwa kuti ndi kafukufuku wa matenda a shuga, kenako anatulukira kuti magazi awo afufuzidwiranso za matenda a misala ndi komwe mtundu wawo unachokera, nkhani inafika kukhoti ndipo mu 2010 Arizona State University inalipira $700,000 nkubweza magaziwo. Mu 2019 Wellcome Sanger Institute, labu ya kafukufuku wa DNA ya ku Britain, inanenedwa kuti ikufuna kupanga malonda ndi chida chopangidwa kuchokera ku DNA ya anthu a mu Africa popanda chilolezo choyenera, iwo anakana, koma Stellenbosch University ya ku South Africa inati tibwezereni masampulo athu. Za matchainazo gwero lake ndi kampani ya BGI, yomwe inagulitsa zoyezera korona m'maiko ambiri, ndipo mu 2021 Reuters inalemba kuti imasunga data ya amayi apakati omwe anayezetsa ndi chida chake china. Nawonso anakana kuti sanalakwe. Onani bwino apa, inali nkhani ya amayi oyembekezera, si kathonje ka pa boda.

Ndipo chondiseketsa ine nchakuti DNA yambiri yomwe makampani ali nayo anthu anapereka okha, nkulipiranso ndalama. Abale athu ena ku UK amalavulira malovu m'kabotolo kutumiza ku 23andMe, kampani yoyeza DNA, kuti adziwe mtundu wawo, mu 2023 ma hacker anaba data ya anthu pafupifupi 6.9 miliyoni, kufika Marichi 2025 kampaniyo inagwa nkuyamba kusaka woigula, data yonse ija ili momwemo.

Mawu oti anamapopawo okha ndikupemphani muwaletse. Mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera yomweyi, azaumoyo kumaopa kulowa m'midzi, ovutika nkukhala odwala.

Pofunika kutsegula maso ndi pamene munthu wabwera ndi fomu ya kafukufuku. Kuno kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti ngati NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena COMREC ya ku sukulu ya madotolo, nde funsani kuti anavomereza ndani, magazi anga mukasunga kuti komanso mpaka liti, kodi atuluka kunja kwa dziko, nanga ndikasintha maganizo mawa mudzawataya? Fomu akupatseni ya Chichewa, kope ina mupite nayo kunyumba. Mukakana, mankhwala anu akupatsanibe monga mwa nthawi zonse, zimenezo zimalembedwa pa fomu pomwepo.