Ku Nozawa Onsen, konzani za chakudya dzuwa likadalipo

Achemwali, mwafunsa kuti mukatha kutsetsereka pa chipale chofewa ku Nozawa Onsen mukadya kuti, komanso ngati kuli malo ovina usiku. Za kuvinazo musayembekezere zambiri. Nozawa ndi mudzi wa m'mapiri a ku Nagano ku Japan, basi yochokera pa siteshoni ya Iiyama imatenga mphindi pafupifupi 25, ndipo anthu ake amagona msanga. Mabala alipo, koma ndi timalo ting'onoting'ono.

Chimene ndikukupemphani ndi ichi: sungitsani malo odyera masana. Malesitilanti ambiri amayendetsedwa ndi banja limodzi, mipando ndi yowerengeka, ndipo nyengo yachisanu amadzaza msanga. Ine tsiku loyamba ndinagogoda makomo anayi, konse kodzaza, mpaka ndinagona ndi mabanzi okha. Ngati mukugona mu ryokan, nyumba ya alendo yachikhalidwe cha ku Japan, lipirani chipinda chophatikiza chakudya chamadzulo, mtima ukhala m'malo. Tenganinso ndalama zakashi chifukwa si ponse amalandira khadi. Mu izakaya, malo omwera mowa ndi kudyera, akakuikirani kambale ka ndiwo musanaitanitse, musadabwe. Amati otoshi, ndipo kamalowa pa bilu.

Osachoka osalawa nozawana, masamba onga mpiru ovundika mumchere, amene dzina lake linachokera pa mudziwu. Amawaikanso mkati mwa oyaki, timabanzi totentha togula m'mbali mwa msewu. Pa kasupe wa Ogama, madzi ake amatentha pafupifupi madigiri 90, eni mudzi amawiritsa masamba ndi mazira pomwepo. Alendo amangoonera kunja kwa mpanda.

Kwa ine, usiku weniweni wa Nozawa uli m'mabafa a anthu onse, a madzi otentha ochokera mu akasupe. Alipo 13 amene anthu a m'mudzimo amawasamalira okha, mumangoponya kangachepe m'bokosi la pakhomo. Yambani ndi Oyu, pakati pa mudzi. Tsukani thupi musanalowe m'dziwemo, ndipo lowani pang'onopang'ono chifukwa madziwo amawotcha zedi.

Ngati masiku anu angasinthike, pa 15 January kumakhala mwambo wa moto wa Dosojin. Amuna a zaka 25 ndi 42 amateteza kachisi wamitengo pamene anzawo akulimbana kuti amuyatse ndi miyuni, mowa wa mpunga wotchedwa sake ukuyenda m'makapu. Zipinda za tsiku limenelo zimatha kudakali miyezi, choncho yambani kufunsa lero.