Gemu yoyamba yagulidwa bwino, kodi tisiye ntchito?

Wina wandilembera imelo kuti iye ndi anzake awiri apanga gemu ya pa kompyuta, ikuyenda malonda pa Steam (msika wa pa intaneti wogulitsirapo magemu), ndiye akufunsa ngati asiye ntchito zawo n'kulemba anthu ena kuti apange yachiwiri. Achimwene, mwandigunda pachilonda.

Ifenso tinali atatu. Gemu yathu yoyamba tinkaipanga usiku tikaweruka, wina kujambula, wina kulemba code (malangizo a pa kompyuta oyendetsa gemuyo), ine nkhani ndi nyimbo. Itatuluka, ndalama zinalowa ndithu miyezi itatu yoyamba, ndipo mitima inatiuza kuti zizingobwera choncho. Tinachita lendi ofesi, tinalemba anthu asanu. Palibe anakhala pansi kuwerengera kuti pa gemu iliyonse yogulidwa Steam imatapapo 30 peresenti, msonkho nawo ukudikira, komanso kuti malonda a gemu amatsika msangamsanga masabata oyamba akangodutsa. Gemu yachiwiri inkafuna zaka ziwiri. Kampani imene inalonjeza kuikapo ndalama inatisiya tili pakatikati. Tsiku limene ndinauza mnyamata wathu wojambula, mkazi wake ali woyembekezera, kuti malipiro a mwezi wamawa kulibe, mpaka lero limandisowetsa tulo.

Ndipo pali bodza lina limene limandinyansa, loti kampani yopanga magemu ikatsekedwa ndiye kuti gemu zake zinali zosakoma. Ayi ndithu! Roll7 ya ku London inayamba mu 2008, inapanga OlliOlli mu 2014 n'kupata BAFTA, mphoto yotchuka ya ku Britain. Mu 2021 inagulidwa ndi Take-Two, kampani yaikulu ya magemu ya ku America, gemu yawo ina ya Rollerdrome inapatanso BAFTA, koma pofika 2024 chitseko chinali chitatsekedwa. Luso analibe vuto nalo anthu aja. Mukagulidwa, ndiye kuti moyo wanu wapita m'manja mwa anthu amene amayang'ana manambala a kampani yonse, gemu yanu ili kachidutswa chabe.

Amene ndimawapatsa ulemu kwambiri ndi a Mimimi Games a ku Munich. Anapanga Shadow Tactics mu 2016, Desperados III mu 2020, kenaka mu Ogasiti 2023, Shadow Gambit itangotuluka kumene, analengeza okha kuti akutseka. Ananena poyera kuti mtengo wopangira gemu wakwera ndipo ntchitoyo yawatopetsa iwo ndi mabanja awo. Anatseka ali chiimire, n'kupatsa antchito awo ndalama zowonjezera zoti ayambire kwina. Ife tinakakamira mpaka thumba linabooka, ndipo amene anavutika ndi anthu amene tinawalemba.

Ndiye mutani?

Musasiye ntchito nonse nthawi imodzi. Dikirani miyezi 6 muone mmene malonda akhazikikira, muchotse msonkho, muwerengere miyezi imene ndalama zotsalazo zingakusungeni. Wojambula kapena woimba mumulembe pa kontrakiti ya ntchito imodzi, ndipo gemu yachiwiri ikhale yoti atatu mutha kuimaliza chaka chimodzi.